Foda ya pa seva ikamasowa m'mawa: zimene zimachitika kompyuta ikamayaka

Ofesi iliyonse yokhala ndi makompyuta opitirira awiri imafika potopa ndi mafulashi. Kalaliki walemba makilogalamu a masamba a tiyi amene alimi abweretsa pa sikelo, wowerengera ndalama akufuna fayilo yomweyo kuti akonze malipiro, abwana nawo akufuna kuiona asanasaine. Fulashi imangoyenda tebulo ndi tebulo, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi pali mafayilo atatu a dzina limodzi, iliyonse ndi manambala akeake. Njira yothetsera vutoli ndi yodziwika kale: mafayilo onse akhale pa kompyuta imodzi, imene timaitcha seva, ndipo makompyuta enawo aziwapeza kudzera pa netiweki ya mu ofesimo. Masiku ano sizachilendo kupeza dongosolo lotere m'maofesi a magulu a alimi, m'masukulu a sekondale ndi m'tizipatala ta ku Luchenza, pa Thyolo boma kapena ku Chitakale.

Tsiku limene katswiri wabwera kudzalumikiza zinthuzi, zonse zimayenda bwino. Foda ya malipiro ikuoneka kwa kalaliki, ikuonekanso kwa wowerengera ndalama. Mawa lake, kapena magetsi akangothima n'kuyakanso, foda ija ilibe kanthu, mwinanso kompyuta yangoima pa sikirini yakuda ikuwerenga masekondi. Anthu amathamangira kunena kuti mafayilo afufutika kapena kwalowa vairasi. Nthawi zambiri mafayilo amakhala ali bwinobwino pa seva. Chimene chasokonekera ndi nthawi: kompyuta inapita kukafuna foda seva isanakonzeke kapena netiweki isanadzuke, ndipo itakanika kamodzi sinabwererenso.

Tiyambe ndi mmene kompyuta imaonera malo osungiramo zinthu. Pa Windows tinazolowera zilembo, C: ndi D:, ndipo foda ya pa seva imangopatsidwa chilembo china monga Z:. Linux, imene imayendetsa maseva ambiri komanso zipinda zina zophunzirira makompyuta, ilibe zilembo zotere. Mafoda onse amachokera pa tsinde limodzi lolembedwa /, ndipo disiki iliyonse, fulashi kapena foda ya pa netiweki imalumikizidwa pa foda ina yopanda kanthu imene mwaikonzeratu, mwachitsanzo /mnt/malipiro. Lamulo lochitira zimenezi ndi mount. Likangoyenda, aliyense wotsegula /mnt/malipiro amaona zimene zili pa seva ngati kuti zili pa kompyuta yake yomweyo. Koma kulumikizaku kumangosungidwa mu RAM, imene imaiwala zonse magetsi akachoka. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenera kubwerezedwa nthawi iliyonse kompyuta ikayaka, ndipo palibe kalaliki amene angafune kumalemba malamulo pa terminal, windo lolembamo mawu olamula kompyuta, m'mawa uliwonse asanayambe ntchito.

Njira zolankhulirana pakati pa seva ndi makompyuta ena zilipo ziwiri zikuluzikulu. SMB inayambira ku kampani ya IBM mu 1983 ndi Barry Feigenbaum, kenako Microsoft inaitenga n'kuiika mu Windows. Mu 1996 inapatsidwanso dzina loti CIFS, ndipo ngakhale dzinali linatha ntchito kwina konse, pa Linux mudzalembabe cifs pofuna kulumikiza foda ya mtunduwu. Kuti Linux izitha kugawa mafoda mwa njira imeneyi, imadalira pulogalamu ya Samba, imene Andrew Tridgell wa ku Australia anaitulutsa mu 1992. Njira inayo ndi NFS, yopangidwa ndi Sun Microsystems mu 1984, imene imagwira bwino pamene makompyuta onse ali a Linux kapena Unix. Mu ofesi yosakaniza Windows ndi Linux, SMB ndiyo yosavutitsa. Pa mitundu ya Linux ya Ubuntu, Debian ndi Linux Mint muyenera kukhala ndi pulogalamu ya cifs-utils pofuna SMB, kapena nfs-common pofuna NFS. Kuiwala zimenezi kumabweretsa uthenga wonena za "wrong fs type", umene umachititsa munthu kufufuza vuto kumene kulibe.

Malo akale olembapo zimene kompyuta iyenera kulumikiza poyaka ndi fayilo ya /etc/fstab. Mzere uliwonse m'menemo uli ndi zigawo zisanu ndi chimodzi: kumene zinthu zili, pamene zilumikizidwe, mtundu wake, mawu owongolera kalumikizidwe, ndi manambala awiri kumapeto amene pa foda ya netiweki amangokhala 0 ndi 0. Mzere wa ofesi yathu ya alimi ungaoneke chonchi:

//192.168.1.10/malipiro  /mnt/malipiro  cifs  credentials=/root/.chinsinsi,uid=1000,gid=1000,vers=3.0  0  0

Gawo lachinayi ndi limene lili ndi nkhani. Pasiwedi mukhoza kuilemba mu mzere womwewu ndipo ingagwire, koma /etc/fstab imawerengeka ndi aliyense amene ali ndi akaunti pa kompyutayo, kuphatikizapo wophunzira ntchito amene wangobwera sabata yatha. Ndiye dzina ndi pasiwedi zimaikidwa mu fayilo ina yapadera, pano /root/.chinsinsi, yokhala ndi mizere iwiri yokha, username= ndi password=, kenako mumaitseka ndi chmod 600 kuti root yekha, mwini ulamuliro wonse pa kompyutayo, aziiwerenga. Mawu a uid ndi gid, amene amanena akaunti ndi gulu zimene zioneke ngati eni mafayilo, nawo ndi ofunika kuposa mmene amaonekera. Poyaka kompyuta, amene amalumikiza foda ndi root, choncho mafayilo onse amaoneka ngati ake. Kalaliki amatha kutsegula fayilo koma akafuna kusunga zimene walemba amakanidwa. Nambala 1000 ndi ya akaunti yoyamba kupangidwa pa Ubuntu kapena Debian. Lamulo la id limakuuzani nambala ya akaunti ina iliyonse. Dziwani kuti uid imangokonza zinthu mbali ya kompyuta yanu. Ngati seva sinalole akauntiyo kulemba mufodamo, palibe chimene mungalembe mu fstab chimene chingasinthe zimenezo.

Kanthu kena kakang'ono: dzina la foda likakhala ndi mpata, monga "malipiro a alimi", fstab imaona mpatawo ngati malire a gawo. Pamalo pa mpata uliwonse pamayenera kulembedwa \040. Chapafupi n'kungopereka mayina opanda mipata pogawa mafoda.

Mzere umenewu mukauyesa ndi sudo mount -a (lamulo lolumikiza mafoda olembedwa mu fstab ndi ulamuliro wa root) masana, seva ili chiyakire, udzagwira. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, chifukwa kuyesa kotere sikufanana ndi zimene zimachitika kompyuta ikamayaka.

Kale Linux inkadzutsa zinthu motsatana, chimodzi chikatha china n'kuyamba. Kuyambira 2015, pamene Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 zinasamukira ku systemd, pulogalamu imene Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaiyambitsa mu 2010, zinthu zambiri zimadzuka nthawi imodzi kuti kompyuta iziyaka msanga. Systemd imawerenga fstab, n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala ntchito yakeyake, n'kuona kuti ntchitoyo iyenera kudikira chiyani. Ikaona cifs kapena nfs imadziwa yokha kuti iyi ndi foda ya pa netiweki, ndipo imaiika pambuyo pa chizindikiro chotchedwa network-online.target. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muwonjezere _netdev ndipo vuto litha. Liwuli silipweteka kanthu, koma pa cifs ndi nfs silisintha zambiri, popeza limangouza systemd chinthu chimene ikudziwa kale. Limathandiza pa ma disiki a pa netiweki amene amaoneka ngati a m'kati mwa kompyuta, monga a iSCSI.

Vuto lenileni lili pa tanthauzo la chizindikiro chija. Netiweki ikanenedwa kuti yadzuka, zikungotanthauza kuti kompyuta yanu yalumikizika ndipo yalandira adiresi yake. Sizikunena chilichonse za seva. Zili ngati kalaliki amene wafika pa sitolo ya feteleza m'mamawa, wapeza wosunga makiyi akadali m'njira, wagogoda kamodzi n'kubwerera kukalemba kuti sitolo lero yatsekedwa. Patapita mphindi ziwiri makiyi afika, koma iye sabweranso kudzaona. Mzere wamba wa cifs mu fstab umachita chimodzimodzi: umayesa kamodzi poyaka, basi.

Kumene malangizo ambiri a zimenezi analembedwera, seva imatha miyezi osazimapo, ndiye kuyesa kamodzi kumakwanira. Kuno sizili choncho. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, vuto limene linafika mpaka mu 2023. Ngakhale popanda ngozi yaikulu chotero, nyengo ya mvula kuzungulira phiri la Mulanje imabwera ndi ziphaliwali ndi mitengo yogwera pa mawaya. Ofesi yokhala ndi jenereta nayo imakhala ndi kamphindi ka mdima posinthira. Tsono taganizirani zimene zimachitika magetsi akabwerera. Aliyense amadina batani la kompyuta yake nthawi yomweyo. Kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi disiki yachangu ya SSD imakhala yayaka m'masekondi ochepa. Rauta, kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki, imatenga nthawi yotalikirapo isanayambe kugawa maadiresi. Seva, makamaka ikakhala ndi ma disiki ozungulira ndipo inazima mwadzidzidzi, imayamba yaunika kaye ngati mafayilo sanaonongeke, ndipo imatha kutenga mphindi zingapo. Chinthu chimene aliyense akuchifuna ndicho chimadzuka pomalizira.

Zikatero pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina mount imakanika mwamsanga, kompyuta n'kupitiriza kuyaka popanda foda. Mwina imakakamira kudikira, ndipo pa sikirini pamabwera mawu akuti "A start job is running for" ndi masekondi akuwerengedwa kulowera ku mphindi imodzi ndi theka, chifukwa systemd imapereka masekondi 90 ku ntchito yotere isanaisiye. Pa nthawi yonseyo palibe amene angalowe mu akaunti yake, popeza khomo lolowera limadikira kuti mafoda a pa netiweki athe kaye. Munthu wosadziwa amaganiza kuti kompyuta yafa, amaizimitsa pa batani, n'kuyambiranso kudikira komweko.

Wi-Fi imawonjezera mfundo ina. Pa makompyuta ena pasiwedi ya Wi-Fi imasungidwa mu akaunti ya munthu mmodzi, ndiye netiweki siingalumikizike mpaka munthuyo atalowa. Fstab imakhala itayesa kale n'kulephera iye asanagwire ngakhale kiyibodi. Mu NetworkManager, pulogalamu yoyendetsa netiweki pa Linux, muli posankha kuti netiwekiyo ikhale ya anthu onse a pa kompyutayo, ndipo kuchonga pamenepo kumathetsa vutoli. Komabe kompyuta imene siichoka pa tebulo, ine ndimati ipatseni chingwe. Makoma a njerwa zootcha a nyumba zakale za m'maesiteti saikonda Wi-Fi.

Nanga tichite bwanji? Liwu loyamba lowonjezera ndi nofail. Limauza systemd kuti foda imeneyi ikakanika, kompyuta isaidikire, ipitirize kuyaka. Limachotsa sikirini yakuda ija, koma silibweretsa foda. Chimene chimasintha zinthu kwenikweni ndi x-systemd.automount. Ndi liwu limeneli, kompyuta poyaka siipita n'komwe kwa seva. Imangoika mlonda pa /mnt/malipiro, ndipo nthawi yoyamba imene munthu kapena pulogalamu yagwira fodayo ndi pamene kulumikiza kumachitika. Pofika nthawi imene kalaliki walowa mu akaunti, wapukuta fumbi pa tebulo n'kutsegula fayilo yake, seva imakhala itadzuka kalekale. Ikakhala isanadzuke, amalandira uthenga woti zakanika, ndipo akayesanso pakapita kanthawi kompyuta imayesanso kulumikiza popanda kuizimitsa. Mzere uja tsopano ukhala chonchi:

//192.168.1.10/malipiro  /mnt/malipiro  cifs  credentials=/root/.chinsinsi,uid=1000,gid=1000,vers=3.0,nofail,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=15,x-systemd.idle-timeout=600  0  0

Nambala 15 ikutanthauza kuti seva ikapanda kuyankha, kompyuta isiye pakatha masekondi 15 m'malo mwa 90. Nambala 600 ikutanthauza kuti foda ikakhala mphindi 10 osagwiritsidwa ntchito, imasulidwe yokha, idzalumikizidwenso ikafunika. Kumasula kumeneku kuli ndi phindu lake kuno: seva ikazima masana anthu ali ku nkhomaliro, makompyuta enawo sakhala atagwirira ulalo wakufa. Mukasintha fstab, lamulo la sudo systemctl daemon-reload limachititsa systemd kuiwerenganso, ndipo findmnt --verify imaunika ngati simunalakwitse kalembedwe. Musaderere kuunikaku. Kulakwitsa pa mzere wa disiki ya m'kati, umene uli mu fayilo yomweyo pamwamba pa mzere wanu, kungaponye kompyuta mu emergency mode, pamene imaima panjira kudikira kuti root aikonze, ndipo pamenepo ntchito ya tsikulo imaima kufikira atapezeka wodziwa. Koperani fstab yakale musanaigwire.

Maganizo olumikiza foda pokhapokha ikafunika si atsopano. Sun inali nawo kale m'zaka za m'ma 1980, ndipo pa Linux pulogalamu ya autofs, yokhala ndi fayilo yake /etc/auto.master, yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Autofs ikadali yabwino pamene mafoda ndi ochuluka, monga sukulu imene mwana aliyense ali ndi foda yake pa seva. Pa ofesi ya mafoda awiri kapena atatu, mawu ochepa mu fstab ndi okwanira.

Sikuti njirayi ilibe kachilema. Laputopu ya mlangizi amene amapita nayo kumunda ku Thekerani kapena ku Limbuli imakhala kutali ndi seva tsiku lonse, ndipo pulogalamu iliyonse imene ingasuzumire mu /mnt/malipiro, ngakhale yongoonetsa mafoda, imaima kaye mpaka masekondi aja atatha. N'chifukwa chake nambala ya mount-timeout iyenera kukhala yochepa, ndipo fodayo isaikidwe m'kati mwa foda ya mwini laputopu, mmene mapulogalamu amasuzumiramo pafupipafupi.

Pali msampha wina umene ndimauona kuti ndi woopsa kuposa sikirini yakuda, chifukwa suchita phokoso. Kumbukirani kuti /mnt/malipiro ndi foda yeniyeni ya pa disiki ya kompyuta ya kalaliki. Kulumikiza kukakanika, fodayo imakhalapobe, yopanda kanthu. Ngati kalaliki ali ndi chilolezo cholembamo, kapena pali pulogalamu ya root imene imasungamo zinthu usiku, zolembedwazo zimagwera pa disiki ya kompyutayo, osati pa seva. Iye amaona kuti zasungika ndipo amaweruka mtima uli m'malo. Mawa lake kulumikiza kukayenda bwino, zimene zili pa seva zimaphimba fodayo, ndipo ntchito ya dzulo siioneka paliponse. Sinafufutike, ili pansi, ndipo imaonekanso mukamasula foda ndi umount. Koma wosadziwa zimenezi amalembanso makilogalamu a alimi kuchokera m'mabuku a pa sikelo, ndipo pakabwera kusiyana kwa manambala pa tsiku la malipiro, amene amakayikiridwa ndi munthu, osati kompyuta. Choipitsitsa ndi pamene pulogalamu yokopera mafayilo usiku yakhala ikulemba mu foda yosalumikizidwa kwa milungu, disiki n'kudzaza, aliyense akukhulupirira kuti makope ali pa seva. Chotchinga chake n'chosavuta: foda isanalumikizidwe, lembani sudo chattr +i /mnt/malipiro. Lamuloli limaletsa aliyense, ngakhale root, kulemba mu foda yopanda kanthuyo, koma sililetsa kulumikiza pamwamba pake. Automount nayo imathandiza pamenepa, popeza mlonda uja amakhala pafodapo nthawi zonse, ndipo seva ikasowa munthu amakanidwa poyera m'malo molemba pansi mosadziwa.

Za NFS ndinene zochepa, koma ziwiri n'zofunika. Seva imalemba mafoda ogawidwa mu /etc/exports, ndipo mwachizolowezi NFS siifunsa pasiwedi. Imayang'ana adiresi ya kompyuta ndi nambala ya akaunti, n'kukhulupirira zimene yauzidwa. Akaunti ya nambala 1000 pa kompyuta ina imatengedwa ngati mwini mafayilo a nambala 1000 pa seva, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi mwana wa Fomu 3 amene wabwera ndi laputopu ya achimwene ake n'kuilumikiza pa chingwe cha m'kalasi. Foda ya mayeso amene sanalembedwe isagawidwe mwa njira imeneyi. Chachiwiri ndi kusankha pakati pa hard ndi soft. Mukapanda kulemba kanthu NFS imatenga hard, kutanthauza kuti seva ikasowa pulogalamu imadikira mpaka idzabwere, ngakhale mawa. Zimakwiyitsa, koma zolemba sizitayika seva ikabwerera kompyuta isanazime. Soft imasiya pakapita kanthawi n'kubweza uthenga wolephera, zimene zingasiye fayilo yolembedwa theka. Foda yongowerenga, monga ya mabuku ndi mapepala akale a mayeso a MSCE, soft ndi yabwino. Foda imene anthu amalembamo za ndalama, isiyeni pa hard.

Maofesi ambiri ali pa Windows, ndipo kumeneko nkhani ndi yomweyi, maonekedwe okha ndi ena. Mukasankha "Map network drive" n'kuchonga "Reconnect at sign-in", kapena kulemba net use Z: \\192.168.1.10\malipiro /persistent:yes, Windows imakumbukira fodayo. Kusiyana kwake n'kwakuti chilembo Z: ndi cha akaunti ya munthu, osati cha kompyuta yonse, ndipo chimalumikizidwa iye akamalowa. Akalowa netiweki isanakonzeke, pa Z: pamaoneka X wofiira. Nthawi zambiri kungodina pafodapo kumailumikiza, koma pulogalamu yowerengera ndalama imene imapita yokha ku Z: siidziwa kudina, imangonena kuti fayilo yake palibe. Njira imodzi ndi kuiuza pulogalamuyo adiresi yonse, \\192.168.1.10\malipiro, m'malo mwa chilembo. Ina, pa Windows ya mtundu wa Pro, ndi kuyatsa lamulo la mu Group Policy, malo oikamo malamulo a kompyuta yonse, lotchedwa "Always wait for the network at computer startup and logon". Ndipo amene asandutsa kompyuta wamba ya Windows 10 kapena 11 kukhala seva adziwe kuti imalola makompyuta 20 okha kulumikizika nthawi imodzi. Mu ofesi ya anthu asanu simudzazindikira. M'chipinda chophunzirira cha makompyuta 30, ana ena amangokanidwa, ndipo okanidwawo amasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi amene wayatsa msanga.

Zida zathu zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito kunja, ndipo pamenepa pali mbuna ina. Timabokosi takale tosungira mafayilo ndi makina ena a fotokope otumiza zojambulidwa ku foda amangodziwa SMB yoyamba, yotchedwa SMB1. Mtundu umenewu ndi umene vairasi ya WannaCry inadzera mu Meyi 2017, pamene inatseka makompyuta m'mayiko ambiri kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain. Kuchokera chaka chimenecho Windows 10 inayamba kubwera SMB1 ili yozimitsidwa, Linux inasiya kuisankha yokha, ndipo Samba inatsatira mu 2019. Ndiye foda imene inkalumikizika bwino ikayamba kukana kompyuta itangolandira pulogalamu yatsopano, mudzapeza malangizo akuti lembani vers=1.0 kapena yatsaninso SMB1. Zidzagwira, inde, koma mwatsegulanso khomo limene linatsekedwa pa chifukwa chomveka. Kompyuta yakale yoikidwa Linux ndi Samba ingalowe m'malo mwa kabokosi kotero popanda kugula chatsopano. Windows 11 ya 24H2 inakhwimitsanso zinthu: mtundu wa Pro umafuna kuti mauthenga a SMB azikhala osainidwa, ndipo sulolanso kulowa m'mafoda opanda pasiwedi ngati mlendo. Foda yogawidwa popanda akaunti, imene kale inali njira yachidule, tsopano ndiyo imayamba kukana.

Ena amafunsa ngati ofesi ya ku Mulanje ingalumikize foda ya ku likulu ku Limbe kudzera pa intaneti. N'zotheka, koma kudzera mu VPN yokha, njira yotetezedwa yolumikiza maofesi awiri pa intaneti. Port 445, imene ili ngati khomo limene SMB imadzera, siiyenera kutsegulidwa ku intaneti. Ndipo SMB imafunsana ndi seva kambirimbiri pa fayilo imodzi, choncho pa intaneti ya foni imayenda mokoka miyendo. Pa mtunda wotero ndi bwino pulogalamu yokopera mafayilo uku ndi uku kusiyana ndi foda yolumikizidwa.

Mbali ya seva nayo ili ndi zake. Adiresi 192.168.1.10 imene talemba mu fstab iyenera kukhala yosasintha. Rauta imagawa maadiresi mwa njira ya DHCP, ndipo zonse zikazima n'kuyakanso ikhoza kupereka nambala imeneyo kwa foni ya mlonda, seva n'kulandira ina. Mu rauta muli malo osungira adiresi kuti izipita ku chipangizo chimodzi chokha, kapena mukhoza kuilemba pa seva penipenipo kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Mu BIOS ya seva, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, muli posankha chimene ichite magetsi akabwerera, pamene kawirikawiri pamalembedwa "Restore on AC Power Loss". Pakakhala pa "Power On" seva imadziyatsa yokha osadikira kuti wina akumbukire. Ngati ndalama zikukwanira UPS imodzi yokha, bokosi la batire losunga magetsi, ipite kwa seva, rauta ndi switch (polumikiza zingwe za netiweki), osati pa tebulo la abwana. Zitatuzi zikakhala kuti sizinazime n'komwe, mpikisano wa kudzuka uja umatheratu. Batire la UPS limafooka pakapita zaka zochepa, makamaka kumene limagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye liziyesedwa pozula pulagi. Komanso foda ya pa seva si kope lachiwiri la mafayilo: wina akafufuta fayilo pa kompyuta yake, yafufutika kwa onse, ndipo pa SMB kawirikawiri siipita mu Recycle Bin ya kompyuta yakeyo.

Poyesa ngati ntchito yatheka, mount -a siikwanira. Zimitsani seva, yatsani kompyuta ya kalaliki yokha, muone ngati ikufika polowera mosachedwa, ndiponso ngati kusunga fayilo mu /mnt/malipiro kukukanidwa. Kenako yatsani seva, dikirani idzuke, mutsegulenso fodayo osazimitsa kompyuta. Mafayilo ayenera kuoneka. Pomaliza zimitsani zonse bwinobwino, rauta ndi switch zomwe, n'kuziyatsa pamodzi monga zimachitikira magetsi akabwerera. Pakakanika china, journalctl -b imaonetsa zonse zimene zinachitika pa kuyaka kumeneko ndi nthawi yake, ndipo mukafufuzamo liwu loti malipiro mudzaona ngati foda inafunidwa adiresi isanabwere, ngati seva sinayankhe, kapena ngati inayankha n'kukana pasiwedi. Uthenga wa "error(13)" ndi wa chilolezo kapena pasiwedi, pamene "error(113)" ukunena kuti njira yopita kwa seva sinapezeke.